Gulu lomwe linali ndi munthu wongovina: mbiri ya The Mighty Mighty Bosstones

Mukamaonera kanema wa The Mighty Mighty Bosstones, gulu loimba ska punk la mumzinda wa Boston ku America, ali pa nsanja, maso amayamba agwera pa bambo wina wovala suti amene alibe gitala, lipenga kapena ng'oma. Iyeyo ntchito yake ndi kuvina basi: mawondo m'mwamba, zigongono uku ndi uku, thukuta lili kamukamu kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsekera. Dzina lake ndi Ben Carr, ndipo anavina chonchi kwa zaka zoposa 30. Pa zimbale za gululi dzina lake limalembedwa limodzi ndi anzake onse, ndipo pomwe ena alembedwa kuti wa besi kapena wa ng'oma, iye amangolembedwa kuti "Bosstone".

Nkhani imene eni ake amakamba ndi yoti Carr anali mnzawo chabe, wowathandiza kunyamula zida. Tsiku lina atafika pa bala ina kuti akaimbe, mwini malo anati mnyamatayo atuluke poti zaka zake zinali zisanakwane zololedwa kukhala pamalo a mowa. Ololedwa anali a bandi okha. Woimba wa gululi, Dicky Barrett, anangoti nayenso ndi wa bandi. Bodza likafika pamenepo limafuna umboni, choncho Carr anakwera pa nsanja n'kuyamba kudumpha. Sanatsikenso.

Ndayamba ndi iyeyu chifukwa amene wamvetsa za Ben Carr wamvetsa gulu lonse. Wowerengera ndalama aliyense akanalangiza kuti achotsedwe, pakamwa pamodzi pachepe. A Bosstones sankaganiza choncho. Anali anyamata a dera limodzi amene anapangana kuti komwe wapita mmodzi apita onse, ndipo pangano limenelo ndi lomwe linawasunga zaka 14 asanatchuke, n'kudzawabweza atabalalika. Litasweka mu 2022, gulunso linathera pomwepo.

Koma kaye, ska punk n'chiyani?

Kwa ife amene tinakulira reggae ya m'minibasi ndi ya ku Chileka, njira yachidule ndi iyi: ska ndi agogo ake a reggae. Inabadwira ku Kingston, m'dziko la Jamaica, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pomwe eni zokuzira mawu zikuluzikulu zovinitsa anthu m'misewu, monga Coxsone Dodd, Duke Reid ndi Prince Buster, anayamba kujambula oimba akumaloko m'malo modalira mbale za rhythm and blues zochokera ku America. Oimbawo anatenga kayendedwe ka nyimbo za ku America zija n'kusakaniza ndi mento, nyimbo yakwawo, komanso jazz imene oimba malipenga ambiri anaphunzira ali ana. Pofika 1962, chaka chomwe Jamaica inalandira ufulu wodzilamulira, ska ndiyo inali m'kamwa mwa aliyense. Bob Marley amene timamudziwa ndi nyimbo zodekha uja anayambira momwemu. Nyimbo ya The Wailers yotchedwa "Simmer Down", imene inagwedeza Jamaica kumayambiriro kwa 1964, ndi ska yeniyeni, yothamanga, malipenga ali patsogolo. Cha mu 1966 liwiro linatsika n'kubadwa rocksteady, kenako cha mu 1968 reggae.

Chinsinsi chake chili pa gitala. Tayesani kuwomba m'manja mofanana: pha, pha, pha, pha. Nyimbo zambiri zimatsindika pomwe manja akumana. Ska imatsindika pa kampata kaja manja atatalikirana. Wa gitala amakwapula nsambo mwachidule, kawirikawiri dzanja likukwera m'mwamba, n'kuzigwira msanga kuti zisapitirize kulira: tchi, tchi, tchi. Besi ndiye imayenda ngati munthu wokwera ndi kutsika masitepe osapuma, malipenga n'kumabwera pamwamba. Reggae inasunga kukwapula komweku, inangochepetsa liwiro, n'chifukwa chake khutu la Mmalawi silichedwa kuizindikira ska ngakhale mwini khutuyo asakudziwa dzina lake.

Anthu a ku Jamaica amene anasamukira ku Britain anapita nazo mbalezi. Mu 1979, mumzinda wa Coventry, Jerry Dammers wa gulu la The Specials anayambitsa kampani yotchedwa 2 Tone. Magulu amene anatulukira kumeneko, monga The Specials eni ake, The Selecter ndi The Beat, anathira ukali wa punk (mtundu wa rock wothamanga ndi waphokoso) mu ska, ndipo anali ndi oimba akuda ndi oyera pa nsanja imodzi pa nthawi yomwe chipani cha tsankho cha National Front chinkaguba m'misewu. Ankavala masuti, ndipo chizindikiro chawo chinali timabokosi takuda ndi toyera ngati bolodi ya drafuti. Ska ya ku Jamaica ndiye m'badwo woyamba, ya 2 Tone wachiwiri. M'badwo wachitatu unakulira makamaka ku America, ndipo a Bosstones ali m'gulu la amene anauyalira maziko, pamodzi ndi Fishbone ya ku Los Angeles ndi Operation Ivy ya ku Berkeley.

Mzinda wa Boston kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 sunali malo a malipenga ndi masuti. Achinyamata ake anali pa hardcore, mtundu wa punk wothamanga kuposa punk inzake: nyimbo ya mphindi imodzi, woimba akukuwa ngati waponda moto, omvera akugundana mapewa ndi kudzigwetsa kuchokera pa nsanja. Magulu monga SSD, DYS, Jerry's Kids ndi Gang Green ndiwo ankalamula. Unalinso mzinda wa zipsera. Mu 1974 khoti linalamula kuti ana azinyamulidwa pa mabasi kupita ku sukulu za madera ena pofuna kuthetsa tsankho m'masukulu, ndipo mabasi onyamula ana akuda anagendedwa ndi miyala. Anyamata amene anadzapanga Bosstones anakula nkhani zimenezi zisanazizire, ndiye atamva magulu a ku Coventry aja, uthenga wake sunali wachilendo kwa iwo.

Gululi linayamba mu 1983. Barrett, wobadwa mu 1964, anali ataimbako m'gulu la hardcore lotchedwa Impact Unit. Joe Gittleman wa besi anali mnyamata wa sukulu amene anadzagwiranso ntchito ndi Gang Green, poyamba ngati wonyamula zida, kenako ngati woimba. Nate Albert wa gitala anali mwana wa zaka pafupifupi 13. Panalinso Tim Burton wa saksofoni, amene amadziwika kuti Johnny Vegas (osati Tim Burton wopanga mafilimu uja), Josh Dalsimer pa ng'oma, Tim Bridwell pa lipenga, ndi Carr wovina. Anadzitcha The Bosstones, kuseweretsa dzina la mzinda wawo. Sipanapite nthawi anayamba aima kaye, pa chifukwa chimene kholo lililonse lingachiyamikire: aang'ono m'gulumo ankayenera kumaliza sukulu ya sekondale. Atabwerera anapeza kuti m'zaka za m'ma 1950 kunali kale gulu lina loimba ndi pakamwa pokha lotchedwa The Bosstones. Mnzawo wina wogulitsa mowa m'bala ndi amene anawapatsa nzeru yowonjezera "Mighty Mighty" kutsogolo, ngati kunena kuti amphamvu zedi.

Chimbale chawo choyamba, Devil's Night Out, chinatuluka pamene zaka za m'ma 1980 zinkatha, kudzera ku Taang! Records, kampani yaing'ono ya ku Boston komweko imene inkatulutsa hardcore. Mukachimvera lero chimamveka ngati magalimoto awiri owombana pa mphambano. Nyimbo imayamba ndi tchi-tchi wa ska, malipenga akuseka, mwadzidzidzi Albert amaponda kabokosi kosokoneza mawu a gitala, zonse n'kusanduka phokoso la heavy metal, kenako n'kubwereranso ku dansi ngati palibe chachitika. Pamwamba pa zonsezo pali mawu a Barrett, okhakhala ngati wilibala yodzaza miyala ikukokedwa pa simenti. Okonda ska yoyera ankati anyamatawa akuononga nyimbo. Ena a hardcore ankaona malipenga ngati zinthu za pa ukwati. Kasakanizidwe kameneka kanadzatchedwa ska-core, ndipo ndi a Bosstones amene analifalitsa dzinali.

Zovala nazo anazipotoza. M'malo mwa timabokosi takuda ndi toyera ta 2 Tone, iwo anasankha nsalu za mizere yopingasana yamitundumitundu, zonga zija amavala amuna a ku Scotland, n'kumasoketsa majekete, makabudula ndi zipewa zosagwirizana mpang'ono pomwe. Owatsatira anayamba kubwera ku mashoo atavala chimodzimodzi. Zikuoneka zazing'ono, koma gulu lopanda wayilesi yoliimba limafunika njira yoti anthu ake azizindikirana pa msewu.

Pofika 1992, pomwe ankatulutsa chimbale chachiwiri, More Noise and Other Disturbances, gulu linali litakhazikika pa anthu asanu ndi atatu amene dziko linadzawadziwa. Joe Sirois analowa pa ng'oma, Dennis Brockenborough pa trombone, Kevin Lenear pa saksofoni yachiwiri. Brockenborough ndi Lenear ndi anthu akuda, ndiye gulu linayamba kuoneka ngati magulu a 2 Tone amene linkawasirira. Chaka cham'mbuyo mwake anali atatulutsa kachimbale kakafupi, Where'd You Go?, momwe anaimbamo nyimbo za Aerosmith, Metallica ndi Van Halen mwa njira yawoyawo. Anaonekeranso pa kanema wotsatsa nsapato za Converse, zomwe zinaonetsa nkhope zawo kwa anthu amene sanapondeko m'bala ya punk.

Apa mpofunika kukambako za ndalama, chifukwa ndi pomwe magulu ambiri a ska amafera. Gulu la punk la anthu atatu limakwana m'galimoto imodzi yaing'ono, malipiro a usiku n'kugawana patatu. Gulu la malipenga limadya kasanu ndi katatu, limagona kasanu ndi katatu, pomwe mwini bala amalipira chimodzimodzi. Mbale sizinkabweretsa zambiri. Kampani yaikulu ikakusainitsa imakupatsa ndalama patsogolo, koma imeneyo ndi ngongole: imadzabweza yokha kuchokera pa gawo lako la malonda, pamodzi ndi ndalama za situdiyo ndi zina, usanaone kalikonse. Chotsala ndi msewu. A Bosstones ankakhala pa ulendo miyezi yambiri pa chaka, tauni ndi tauni, kugulitsa matikiti ndi masikipa, kubwerera ku malo omwewo chaka chamawa n'kupeza anthu achulukirapo pang'ono. Umu ndi momwe anamangira khamu lawo, munthu mmodzimmodzi, wayilesi isanawadziwe.

Mu 1993 anasaina ndi Mercury Records, kampani yaikulu. M'dziko la punk kuchita zimenezi kunkaonedwa ngati kugulitsa mtundu, ndipo a Bosstones ankadziwa kuti anthu akuwayang'ana ndi diso lofiira. Choyamba chomwe anatulutsa kumeneko chinali ngati yankho: kachimbale kotchedwa Ska-Core, the Devil, and More, momwe anaika nyimbo za magulu a hardcore monga Minor Threat ndi SSD pambali pa "Simmer Down" ya The Wailers ija. Anali kunena kuti makolo athu ndi awa, mbali ya bambo ndi mbali ya mayi. Anatsegulanso kakampani kawo, Big Rig Records, kotulutsira mbale za pulasitiki zakale zija. Chaka chomwecho kunabwera Don't Know How to Party, cholemera ndi magitala, chomwe munali "Someday I Suppose". Mu 1994 kunabwera Question the Answers, chimene ine ndimachiona kuti ndicho chimbale chawo chokoma kuposa zonse, chifukwa ukali ndi kukoma zikukokana mofanana, palibe chagonja.

Mu 1994 momwemo anayambitsa mwambo umene unadzakhala msana wa gululi, Hometown Throwdown. Disembala aliyense, atazungulira dziko, ankabwerera kwawo n'kuimba mausiku angapo otsatizana pa The Middle East, malo a ku Cambridge, tsidya lina la mtsinje wa Charles kuchokera ku Boston. Malowo ndi chipinda chapansi cholowa anthu mazana ochepa, denga lili pafupi, kunja chisanu chikuluma, m'kati nthunzi ya thukuta. Ankaitana magulu ang'onoang'ono a m'deralo kuti ayambe kuimba iwo asanakwere. Ngakhale atatchuka moti akanatha kudzaza malo aakulu kakhumi, kwa zaka zambiri anapitiriza kubwerera m'chipinda chomwecho, ndipo chimbale chawo cha 1998 chojambulidwa pamaso pa anthu, Live from the Middle East, chinachokera mmenemo.

Mu 1995 anaimba pa nsanja yaikulu ya Lollapalooza, chikondwerero cha nyimbo chomwe chinkayendayenda m'mizinda ya America, ndipo anaonekera mu filimu ya achinyamata ya Clueless akuimba pa phwando. Barrett anadzaulula pambuyo pake kuti chomwe chinawakankhira mu filimuyo chinali ngongole ya msonkho imene anaitulukira mochedwa. Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa imatsuka ulemerero wonse: kanema amene anawadziwitsa kwa ana asukulu miyandamiyanda anamuvomera pothawa a msonkho.

Nthawi nayo inali itawakomera. Mu 1994 Green Day ndi The Offspring anagulitsa zimbale mamiliyoni, mawayilesi a rock n'kutsegula chitseko kwa punk. Mu 1995 Rancid inalowetsa ska pa wayilesi ndi "Time Bomb", No Doubt n'kutulutsa Tragic Kingdom. Mu 1996 kunabwera Sublime, Goldfinger ndi Reel Big Fish. Pafupifupi onsewa anali a ku California, ndipo a Bosstones, amene anayamba kale kuposa onsewo, ankaoneka ngati atsalira.

Let's Face It chinatuluka mu Malichi 1997. Anachijambula ndi Paul Q. Kolderie ndi Sean Slade, akatswiri a situdiyo a ku Boston, ndipo kusintha kwake kumamveka msanga: Barrett akuimba kwambiri kuposa kukuwa, magitala aukali abwerera m'mbuyo, malipenga asunthira kutsogolo. Nyimbo yotchedwa "The Impression That I Get" inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Modern Rock wa magazini ya Billboard, chimbalecho chinafika pa nambala 27 pa mndandanda wa zimbale zonse, n'kugulidwa makope oposa 1 miliyoni ku America kokha. Chaka chotsatira nyimboyo inalowanso m'nyimbo 20 zapamwamba ku Britain. Anaimba pa Saturday Night Live, anakavinanso ndi zidole za pulogalamu ya ana ya Sesame Street.

Ambiri amene ankavina nyimboyi sankamvetsera mawu ake. Malipenga ake ndi a chisangalalo, koma woimbayo akudzifunsa funso lolemera: ine tsoka lalikulu silinandigwere, ndimangoona anzanga likuwagwera, kodi litandipeza ndingalimbe? Muli mwambo wa azungu wogogoda pa thabwa pothamangitsa tsoka. Ndipo nyimboyi inayamba kutuluka mu 1996 pa chimbale chothandiza anthu chotchedwa Safe and Sound, chimene gululi linathandiza kukonza pambuyo pa chiwembu cha pa 30 Disembala 1994, pomwe munthu wina anawombera pa zipatala ziwiri zochotsera mimba ku Brookline, pafupi ndi Boston, n'kupha amayi awiri olandira alendo. Nyimbo zina za m'chimbalechi nazo si zamasewera. Imene inapereka dzina la chimbale ikudzudzula tsankho, "Royal Oil" ikukamba za mankhwala osokoneza bongo, ndipo "The Rascal King" inachokera pa moyo wa James Michael Curley, meya wakale wa Boston amene anthu osauka ankamukonda ngakhale analowapo m'ndende. Izi ndi zomwe zinkawasiyanitsa ndi magulu ena a nthawiyo, amene ambiri ankangoimba nthabwala.

Chokoma sichinakhalitse. Pofika 1999 mawayilesi anali atatembenukira kwa Korn, Limp Bizkit ndi Blink-182, ndipo ska inasanduka chinthu chosekedwa, nyimbo ya anyamata a malipenga ovala makabudula. Kumbali ya makampani nakonso kunagwa chivomezi: mu 1998 Seagram inagula PolyGram, mwini wake wa Mercury, makampani n'kuphatikizidwa, ndipo a Bosstones anangopezeka ali pansi pa Island Def Jam, pakati pa mabwana amene sanawasainitse. Chimbale cha 2000, Pay Attention, chinali ndi "So Sad to Say" imene inamvekako pa wayilesi, koma malonda sanayandikire n'komwe a 1997.

M'katimo namonso anthu anayamba kutopa. Lenear anachoka mu 1998, m'malo mwake n'kulowa Roman Fleysher. Nate Albert, amene analowa m'gululi ali mwana ndipo anali asanalawepo moyo wina, anachoka kukaphunzira ku Brown University ndi kukasamalira wachibale wodwala, Lawrence Katz n'kutenga gitala. Brockenborough naye anatsanzika, Chris Rhodes wochokera ku gulu la Spring Heeled Jack n'kulowa pa trombone. Kuchoka kwa Albert kunali kopweteka kwambiri, poti kusintha kwadzidzidzi kuja kochoka pa dansi kupita pa phokoso kunkachokera m'manja mwake. Mu 2002 anabwerera ku kampani yaing'ono, SideOneDummy, n'kutulutsa A Jackknife to a Swan. Kumapeto kwa 2003 analengeza kuti ayamba apuma, osanena tsiku lobwerera.

Zomwe anachita pa nthawi yopumayo zikuonetsa kuti anali anthu a ntchito. Barrett, ndi mawu ake a miyala aja, anakhala wolengeza pa pulogalamu ya usiku ya Jimmy Kimmel Live! ku Los Angeles kuyambira 2004. Gittleman anali ndi gulu lake lina, Avoid One Thing, ndipo anadzakhala mphunzitsi wa za bizinesi ya nyimbo pa Lyndon State College ku Vermont. Sirois anakaimba ng'oma ndi Street Dogs. Albert anakwera n'kukhala mmodzi wa akuluakulu osaka oimba atsopano ku Republic Records.

Mu Disembala 2007 anakumananso, ndipo malo ake sanachite kufunsa: The Middle East, Throwdown ya nambala 10. Kuyambira pamenepo anayendetsa gulu mwa njira ina. Aliyense anali ndi ntchito yake ndi banja lake, ena akukhala kutali ndi Boston, choncho ankakumana pa tchuthi, kuimba pa zikondwerero zingapo, Disembala n'kubwerera kwawo, kumene Throwdown inadzasamukira ku House of Blues, malo okulirapo pafupi ndi bwalo la Fenway Park. Zimbale zinkatuluka pa Big Rig yawo ija, wojambula ali Ted Hutt: Pin Points and Gin Joints mu 2009, The Magic of Youth mu 2011, While We're at It mu 2018. Palibe chinagwedeza wayilesi, ndipo sankayembekezera kuti chitero. Nyimbo zake ndi za amuna a zaka 50 okumbukira mabala amene anagwetsedwa ndi anzawo amene anatsogola. Zina zimatopetsa, kunena zoona, chifukwa nyimbo zokumbukira masiku akale zikachuluka zimafanana. Koma mwa magulu onse a m'badwo wawo, ndi ochepa amene anakalamba mwaulemu chonchi, osadzisandutsa oseketsa anthu ndi nyimbo imodzi ya 1997.

Throwdown ya Disembala 2019 ndiyo inadzakhala yomaliza, ngakhale panalibe amene ankadziwa. Mliri wa Covid-19 unatseka malo oimbira, ndipo m'nyengo yomweyo anajambula chimbale chawo cha nambala 11, When God Was Great, chimene chinatuluka mu Meyi 2021 pa Hellcat Records, kampani ya Tim Armstrong wa Rancid, yemwenso anathandizana ndi Hutt pojambula. Munali nyimbo yokamba za kuphedwa kwa George Floyd, munthu wakuda amene anaphedwa ndi wapolisi ku America mu 2020, imene kanema wake anakhumudwitsa anthu ena poona kuti nkhani yolemera choncho yaperekedwa ndi dansi ya Carr m'misewu.

Pa 27 Januwale 2022 gululi linalemba uthenga waufupi pa masamba ake kuti pambuyo pa zaka zambiri za ubale lagwirizana zosapitiriza. Chifukwa sanachitchule. Koma masiku ochepa m'mbuyo mwake, pa 23 Januwale, ku Washington kunachitika msonkhano wotsutsa malamulo okakamiza katemera wa Covid-19, womwe mmodzi wa oyankhula ake anali Robert F. Kennedy Jr., ndipo atolankhani anapeza dzina la Barrett pa nyimbo yotsatsira msonkhanowo ngati wojambula. Mwezi womwewo anali atasiyanso ntchito kwa Kimmel. Patapita masabata ochepa iye mwini anavomera poyera kuti kukana kwake katemera ndi kuyankhula kwake pa nkhaniyi ndi zomwe zinamusiyanitsa ndi anzake.

Anthu amagawanika pa yemwe analakwa. Ena amati munthu ali ndi ufulu pa thupi lake ndipo abale a zaka pafupifupi 40 sakanayenera kutayana pa zimenezo. Ena amati gulu la anthu ochuluka chonchi, oyenda m'basi imodzi ndi kuimba m'zipinda zothinana, silingayende ngati wina akukana zomwe malo oimbira ambiri ankafuna pa nthawiyo, komanso kuti dzina la woimba wamkulu likaikidwa pa msonkhano wa ndale limakoka dzina la gulu lonse, ofuna ndi osafuna omwe. Ine ndimatsamira ku mbali yachiwiriyi, makamaka pa nkhani ya dzina. Chimene sindingatsutse n'choti gululi linapirira kusekedwa, ngongole ya msonkho, kutchuka, kutayidwa ndi wayilesi ndi kuchoka kwa mamembala atatu, n'kudzagwa pa nkhani imene inagawanitsanso mabanja ndi mipingo m'mayiko ambiri, kwathu kuno kuphatikizapo.

Barrett anadzayambitsa gulu lina, The Defiant, limodzi ndi Pete Parada, woimba ng'oma amene anachoka mu The Offspring pa nkhani ya katemera yomweyi, ndipo chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 2023. Gittleman anapanga The Kilograms ndi woimba wina, Sammy Kay, akupitiriza ska yodekha yoyandikira ku reggae.

Nyimbo yotsekera chimbale chawo chomaliza imatchedwa "The Final Parade", kunena kuti perete womaliza. Ndi yaitali pafupifupi mphindi 8, ndipo anaitanira oimba ambirimbiri, aliyense akujambula gawo lake kumene mliri unamutsekera: Stranger Cole, amene anayamba kuimba ska ku Kingston m'zaka za m'ma 1960, Roddy Radiation wa The Specials, Angelo Moore wa Fishbone, Tim Armstrong, ndi achinyamata a The Interrupters amene ali m'gulu la osenza ska lero. Mibadwo yonse itatu ili m'nyimbo imodzi, kulandizana mavesi. Inatuluka mu Januwale 2021, kutatsala chaka chimodzi kuti uthenga waufupi uja ulembedwe.